Lilime la Ababa ndi Ukwati wa Mzime

Aphungu,

Tsamba lanuli ndakhala ndikuliwerenga kwa zaka zambiri, makamaka nthawi yopuma masana, nditakhala pa benchi ya kuseri kwa shopu yathu. Sindinkaganiza kuti tsiku lina inenso ndidzakhala m'gulu la anthu osaina ndi zilembo ziwiri zokha. Koma lero ndabwera, ndipo chandibweretsa ndi mawu amodzi amene akundisowetsa mtendere. Mawu ake ndi akuti kuphophonya.

Ndine mayi wa zaka zopitirira makumi anayi, woyamba kubadwa m'banja la ana atatu. Ndimagwira ntchito yosita pamalo ochapira zovala. Tsiku lonse ndimakhala mu nthunzi. Masuti ndi madiresi a anthu amapachikidwa pa chitsulo chachitali pamwamba pa mutu wanga, ndipo chitseko chikatseguka amagwedezeka pang'onopang'ono ngati anthu amene ali pamzere kudikira basi. Ndi ntchito imene manja anaizolowera, amaigwira okha, choncho mutu umapita kumene ukufuna. Masiku ano umangopita kwa Ababa.

Ababa anali omasulira mawu kukhoti mpaka pamene anapuma pa ntchito. Mawu ankawatenga ngati mazira. Ankakonda kunena kuti, "Pakati pa 'anaba' ndi 'sanabe' pali zaka zisanu za kundende." Ndiye mukhoza kuona mmene tinakulira ife. Ukanena kuti "ana wanga" m'malo mwa "ana anga," Ababa ankatsitsa magalasi kufika pansonga ya mphuno, n'kukuyang'ana, n'kunena motsitsa kuti, "Waphophonya." Ukanena kuti "nyumba lathu," waphophonya. Koma sizinkathera pa chilankhulo ayi. Ukalowa m'chipinda osagogoda, waphophonya. Ukadula munthu wamkulu mawu, waphophonya. Ukafunsa mlendo kuti achoka liti, waphophonya. Sankakalipa, sankakwapula. Mawu amodziwo ankakwana, ndipo ankaluma kuposa chikoti.

Tsiku lina mchimwene wanga, amene anandiponda pamutu, anawafunsa ali wamng'ono kuti, "Nanga chachikulu n'chiti, Ababa, kusokoneza mawu kapena kuyasamula pamaso pa alendo?" Iwo anayankha kuti, "Zonsezo ndi nsapato yakumanzere pa phazi lakumanja. Uyenda ndithu, koma aliyense aona."

Munthu mmodzi yekha amene sankawaopa anali malemu Amayi. Iwo ankachita dala. Ankasuzumira pabalaza n'kunena kuti, "Akhoti, chakudya lapsa." Ababa akangoyamba kutsitsa magalasi, Amayi ankati, "Ndamva kale, Akhoti, mlandu ndauvomera. Bwerani mudzadye." Ndipo Ababa ankaseka mpaka mapewa kugwedezeka. Amayi anatisiya zaka zingapo zapitazo.

Chaka chatha m'nyengo yozizira, Ababa anagwa pakhonde akupolisha nsapato. Inali sitiroko. Mwendo ndi mkono zinabwerera pang'ono, pano amayenda ndi ndodo. Chimene sichinabwerere bwino ndi lilime. Ine banja langa linatha kalekale, choncho ndinasamukira kunyumba kwawo kuti ndiziwayang'anira.

Aphungu, sindikudziwa kuti ndikufotokozereni bwanji mmene Ababa amalankhulira tsopano. Adokotala anati nzeru zawo zili bwinobwino, ndipo zimene tikunena amazimva pafupifupi zonse. Vuto ndi potulutsa. Ine ndimaziona ngati tsiku limene timapepala ta mayina tasokonekera ku ntchito kwathu, munthu wabwera kudzatenga jekete yake koma tikumupatsa katani. Zovala zonse zilipo, palibe chatayika, kungoti mayina ali posayenera.

Nsapato amati nyumba za mapazi. Ketulo amati mbalame ya madzi, chifukwa imaimba. Mphaka wathu amamupatsa ulemu wonse, mumva akuti, "Inu, tsikani pampando," koma adokotala amawauza kuti, "Iwe, bwera." Dzulo ndi mawa zinasinthana malo. Madzulo ena ndikuwapatsa tiyi pa mpando wawo wa pawindo, anayang'ana mumsewu nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi ako adzabwera dzulo."

Ndikuuzeni zoona, nthawi zina ndinkakonda kukhala m'dziko lawolo. Ndikaweruka, ndinkakhala pansi pambali pa mpando wawo, dzuwa likulowa kudzera mu katani n'kujambula maluwa pakhoma, iwo akulankhula zawozo pang'onopang'ono, ine ndikungomvetsera ngati nyimbo ya chinenero china imene ndinaimvapo ndili mwana. M'dziko limenelo akufa adzabwera dzulo, mawa tinapitako kale, ndipo pa sitovu pamakhala mbalame. Sindinkafuna kuyatsa magetsi. Koma ndinkaonanso kuti iwo akudziwa kuti mawu akuwathawa. Nthawi zina ankati akanena chinthu, ankaima, n'kudzitsitsira okha magalasi, n'kupukusa mutu.

Tsopano mng'ono wanga, amene tonse timangomutchula kuti Mzime chifukwa ndi wotsiriza, akukwatiwa mwezi wamawa. Mnyamata wake ndi wokonza magetsi, munthu wofatsa, wa manja akuluakulu. Loweruka lina masana anabwera kunyumba ndi amayi ake ndi amalume ake kuti mabanja adziwane. Ine ndinachapa makatani, ndinapukuta mawindo, ndinawameta Ababa ndevu ndi kuwaveka shati yoyera. Mzime anali atawachenjeza alendowo kuti Ababa anadwala, koma ndikuganiza kuti sanafotokoze zonse.

Amayi a mnyamatayo ndi munthu wa ulemu wake, ali ndi sitolo ya nsalu. Analowa atavala diresi la maluwa achikasu, ndipo ataima pakhomo kuwala kunali kumbuyo kwawo, moti nkhope sinkaoneka bwino. Ababa anadzuka okha, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Anayenda ndi ndodo yawo mpaka pakhomopo, anagwira dzanja la mayiwo ndi manja awiri, n'kunena momveka bwino kuti, "Iwe, wachedwa. Ndinakudikira mawa lonse."

Munthu wamkulu, mlendo wolemekezeka, tsiku loyamba, kumuuza kuti iwe. Ine mpaka lero sindikudziwa ngati Ababa anaona Amayi pakhomopo, kapena ankangofuna kunena kuti takulandirani koma lilime linatola zina. Mayiwo sanachotse dzanja. Anangoti, "Ndafika, bambo," n'kuwaperekeza kumpando wawo.

Ndinaganiza kuti choopsa chadutsa. Tinadya, tinacheza, amalume aja anali munthu wanthabwala ndipo anatiseketsa. Titayamba kumwa tiyi, Ababa anakweza dzanja monga ankachitira kukhoti akafuna kuti woweruza awadikire. Tonse tinatembenukira kwa iwo. Anayang'ana mnyamata uja, analoza Mzime, ndipo anati, "Mwana uyu ndi langa." Anapuma. Ankafunafuna mawu. Kenako anati, "Umusambitse bwino."

Ankafuna kunena kuti umusamalire. Tonse a m'nyumba tinadziwa. Koma amalume aja tiyi anawatulukira m'mphuno. Anayesa kutsokomola kuti abise, zinakanika. Mnyamata uja, mwa ulemu wake, anaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Ndidzatero, bambo," ndipo pamenepo amalume anagwira m'mimba. Mzime ananyamula thileyi n'kuthawira kukhitchini.

Ndiye ine, Aphungu, ndinatsegula pakamwa. Ndinati, "Ababa, mwaphophonya." Ndinanena motsitsa, ndi kamvekedwe kawo komwe kaja. Mumtima ndinkaganiza kuti ndikusandutsa nkhaniyo kukhala nthabwala ya m'banja, kuti Ababa aseke monga ankasekera ndi Amayi. Koma alendo sankaidziwa nthabwalayo, ndipo ine sindine Amayi. Ababa anandiyang'ana. Anavula magalasi, anawapinda, anawaika m'thumba la shati, n'kutembenukira kuwindo. Anakhala choncho mpaka alendo anatsanzika.

Kuyambira tsiku limenelo amangoti eya, ayi, zikomo. Mphaka amakwera pampando, palibe womuuza kuti atsike. Ketulo ikaimba, imaimba yokha. Ndikakhala pansi pambali pawo madzulo, amandisisita pamutu koma salankhula. Sanandikwiyire, ndikanakonda akanandikwiyira. Angotseka chitseko mwaulemu, iwo mkati, ine kunja.

Sabata yatha tinakumana ana atatu kunyumba kwa mchimwene wanga kukambirana za ukwati. Iye anati, "Tisadzichititse manyazi pa gulu. Ababa akhale kunyumba, tipeze munthu wowayang'anira, tidzawaonetsa vidiyo. Ndi kuwateteza kumeneko. Mukufuna anthu adzawajambule pa mafoni n'kumatumizirana?" Mzime analira. Anati, "Ababa ndimawakonda, koma tsikuli ndi limodzi lokha pa moyo wanga. Abwere, akhale, adye, koma asagwire maikolofoni." Kenako onse awiri anandiyang'ana ine. Mzime anati, "Achemwali, inu ndi amene mumakhala nawo. Mukawauze ndinu."

Ndinavomera ndi mutu, chifukwa panthawiyo ndinkaona kuti mwina akunena zoona. Koma patapita masiku awiri, m'mawa ndikupita ku ntchito, ndinabwerera pa geti chifukwa ndinaiwala ambulera. Nditafika pakhonde ndinamva mawu pabalaza. Anali Ababa, ali okha, akuganiza kuti ndapita. Ankanena pang'onopang'ono, ngati mwana wa sukulu, "U-mu-sa-ma-li-re." Anakhoza. Anabwereza, anakhozanso. Atayesa kachitatu mawu anawapulumuka, anatuluka ena. Kenako ndinamva ayambanso. Sindinalowe. Ndinapita ku ntchito wopanda ambulera, mvula inandinyowetsa, ndipo sindinaimve n'komwe.

Suti yawo yotuwa, imene ankavala pa milandu ikuluikulu, ndinaitenga kale kupita nayo ku ntchito. Ndinaichapa, ndinaisita ndekha, ndinasokerera batani limene linkagwedera. Ili pa chitsulo chija pakati pa zovala za anthu, yopanda kapepala ka dzina. Anzanga amandifunsa kuti mwini wake abwera liti. Ndikakanikiza simbi, nthunzi ikakwera, ndimaiona sutiyo ikudzaza. Mapewa amakwera, Ababa akale aja amalowamo, owongoka, magalasi ali m'malo mwake. Ndimawaona ataimirira mu holo yodzaza anthu, akulankhula mawu osalala ngati nsalu yosita, mawu aliwonse atakhala pamalo pake, anthu akugwedeza mitu, Mzime akumwetulira, Amayi atakhala kumbuyo akunong'ona kuti, "Akhoti, fupikitsani." Nthunzi ikatha, imatsala suti pa hang'ala, ndipo ine ndimapeza kuti ndaima ndi simbi m'mwamba. Tsiku lina ndinatsala pang'ono kuwotcha siketi ya kasitomala.

Ndiye ndifunse, Aphungu. Kodi kuphophonya n'kutani kwenikweni? Ababa anatiphunzitsa mawu amodzi pa zinthu ziwiri, kusokoneza chilankhulo ndi kusowa khalidwe pamaso pa anthu, ndipo ine ndinakula ndikukhulupirira kuti zonsezi n'zamanyazi mofanana. Ngati zili choncho, ndiye kuti Ababa tsopano ndi munthu wamanyazi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo mchimwene wanga akunena zoona kuti tiwabise. Koma mtima wanga ukukana. Nanga ine, amene ndinanena chiganizo cholongosoka bwinobwino n'kutsekera nacho bambo anga pakamwa, chimene ndinachitacho dzina lake n'chiyani? Ndikawauze kuti sapita? Ndikawauze kuti apite koma akakhale chete? Kapena ndilimbane ndi abale anga, ndimuwonongere Mzime tsiku lake? Sutiyo ndiitenge kapena ndiisiye pomwepo?

Ndithandizeni.

N.C., wa m'tauni ya m'mbali mwa njanji

*

Mayi N.C.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Pa "umusambitse" paja ndaseka, sindikubisirani, ndipo pakhonde paja ndavula magalasi anga kupukuta m'maso. Zonse ziwiri n'zololedwa. Tiyambire pa mawu akukuvutaniwo, kenako tipite ku zochita, chifukwa mwezi wamawa si kutali.

Tatchulani mawuwo pang'onopang'ono. Ine khutu langa limamva kuphonya mkati mwake. Ndipo amaphonya ndi amene waponya. Munthu amene waphophonya anali ndi pamene amalinga, pabwino ndithu, koma dzanja, phazi kapena lilime lamupititsa pambali. N'chifukwa chake mawu amodziwa amakwanira pa chilankhulo ndi pa khalidwe pomwe. Zonse ziwiri ndi mapangano amene anthu anagwirizana kuti azimvana ndi kusagundana, ndipo aliyense amene amayenda pakati pa anthu tsiku lina amaponda pambali. Zochokera mumtima woipa zili ndi mayina ake ena. Timati chipongwe, timati mwano, timati kunyoza. Bambo anu, munthu wodziwa kulemera kwa mawu, akanatha kukuuzani muli ana kuti mwachita mwano. Sanatero. Anasankha mawu opepuka. Kungoti kwa mwana, chilichonse chochokera kuseri kwa magalasi a bambo ake chimamveka ngati chigamulo, ndiye inu munawanyamula mawuwo ngati mwala pamene eni ake ankawapereka ngati chikumbutso.

Tsiku lija pabalaza panu anaphophonya anthu atatu. Bambo anu lilime linawaterera. Amalume aja kuseka kunawapulumuka. Inu munanena mawu oona pa nthawi yolakwika. Mwafunsa dzina la chimene munachita, dzina lake ndi lomwelo, ndipo si lalikulu kuposa pamenepo. Munkalinga kuwaseketsa, munaphonya. Musadzimange unyolo. Koma onani anthu awiri amene analasa pakati penipeni: mayi amene anati "Ndafika, bambo," ndi mnyamata amene anati "Ndidzatero." Iwo sanayankhe mawu, anayankha chimene munthuyo amatanthauza. Mng'ono wanu akukwatiwa pabwino. Mumuuze kuti ndatero ine.

Tsopano zochita. Lero lomwe, osati mawa, kokani mpando mukhale moyang'anana ndi bambo anu. Musakhale pansi ngati mwana wodikira kusisitidwa. Muwauze mwachidule kuti, "Ababa, tsiku lija ndinakuchititsani manyazi pamaso pa alendo. Pepani." Basi. Musalire mpaka iwo ayambe kutonthoza inu, ntchito imeneyo ndi yolemera kwa munthu amene mawu akumuvuta. Mukatero muwauzenso zoona, kuti munawamva akuyeserera, ndipo muwafunse ngati angafune kuti muziyeserera limodzi. Akakana, musiye. Mwina pamenepo akufuna pakhale pawo pokha.

Kuwakonza kulekeni. Akanena kuti nyumba za mapazi, inu bweretsani nsapato n'kunena kuti, "Nsapato zanu izi, Ababa." Mawu oyenera awamva, ulemu wawo watsala. Akamafunafuna mawu musawathamangire kuwamalizira, pokhapokha akakuyang'anani mopempha.

Chimene chandidabwitsa m'kalata yanu n'chakuti ana atatu munakhala pansi kugamula mlandu wa munthu amene anakhala zaka zonse kukhoti, koma mwini wake osamuitana. Adokotala anakuuzani kuti amamva ndipo nzeru zili bwino. Ndiye afunseni. Funso limodzi pa nthawi, loyankhika ndi eya kapena ayi. Mukufuna kupita ku ukwati? Mukufuna kukalankhula? Pamaso pa anthu onse? Pamaso pa ochepa? Mwina adzakudabwitsani. Mwina chimene akufuna si holo yodzaza, koma kumuuza mnyamatayo mawu amodzi aja molongosoka, maso ndi maso. Ndipo ntchito yokawauza kuti akhale chete musailandire. Abale anu akukutumani kumene iwo akuopa kupita.

Mzime musamuweruze. Mantha ake ndi oona, ndipo tsikulo ndi lakedi. Mumuitane yekha, popanda mchimwene wanu, mumufotokozere zimene munamva pakhonde. Iye sakudziwa. Akadziwa, mupeze njira pamodzi. Bambo akhoza kulankhula kumayambiriro asanatope, mawu ochepa, inu mutaima pambali pawo, woyendetsa mwambo atawauziratu anthu m'chiganizo chimodzi kuti bambo a mkwatibwi anadwala sitiroko ndipo alankhula mwapang'onopang'ono. Anthu akauzidwa, ambiri amakhala ndi ulemu. Amaseka kwambiri akadzidzimutsidwa. Ngati Mzime maikolofoni akuyiopabe, mawuwo anenedwe m'chipinda, akwati asanalowe mu holo, pali mabanja awiri okha. Kumeneko si kubisa munthu. Kubisa munthu ndi kumusiya kunyumba ndi vidiyo.

Mchimwene wanu mufunseni modekha kuti amene akutetezedwa ndani, bambo kapena nkhope yake. Musakangane naye, mupatseni ntchito. Akhale woyendetsa galimoto ya bambo tsiku limenelo, awapezere mpando wapafupi ndi khomo, ndipo akatopa awabweze kunyumba. Munthu amene ali ndi chochita sakhala ndi nthawi yoyang'ana amene akujambula. Mupitenso ndi Mzime ku sitolo ya nsalu kuja mukawathokoze amayi aja. Mwapeza mnzanu pamenepo. Iwo ndi amene angawakhazike bwino amalume, makamaka kutali ndi tiyi.

Kuchipatala mubwerereko sabata ino. Mukafunse ngati kuli anthu othandiza odwala sitiroko kuyambiranso kulankhula, ndipo mukawauze adokotala kuti bambo asiya kulankhula. Mwina ndi manyazi chabe, koma anthu ambiri odwala matendawa amagwidwa ndi chisoni chozama chimene chimafuna chithandizo. Ndipo tsiku lililonse mukadzaona pakamwa papotoka, mkono walefuka mwadzidzidzi kapena akulephera kukumvani, musadikire kuti kuche, thamangirani nawo.

Suti ija itengeni. Muipachike pamene angaione, ndipo muwayeze, chifukwa munthu akadwala thupi limasintha.

Chenjezo langa ndi ili. Bambo amene mumawaona mu nthunzi aja ndi okongola, ndipo palibe amene angakulandeni. Koma musawatenge bambo amene muli nawowa n'kumawaumiriza tsiku ndi tsiku kuti afanane ndi a m'malotowo. Mudzawatopetsa, ndipo adzaona m'maso mwanu kuti mukudikira munthu wina. Amene adzapite ku ukwati ndi awa a ndodowa. Akhoza kuyeserera mwezi wonse, n'kukafika pamenepo mawu n'kuwathawanso. Zimachitika, ndipo palibe amene angakulonjezeni kuti sizidzachitika. Choncho konzekerani inu, osati iwo okha. Lingalirani panopa chimene nkhope yanu idzachite pa nthawi imeneyo, chifukwa mawu akadzawapulumuka, sadzayang'ana mkwati, sadzayang'ana alendo, adzatembenukira kwa inu. Asadzakupezeni mutaweramitsa mutu. Adzakupezeni mukuwayang'ana, osapupuluma, mukudikira kuti amalize.

Aphungu